Timakoza Makumi Awiri ndi Titatu

Tisa ndi Yotamu, ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za moyo wanga, ati ndikamakamba pakamwa nkhani imasintha malinga ndi amene wandiphikira tiyi. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Petauke palibe chokamba: ndinaweta mbuzi, ndinapita kusukulu, mbuzi zina zinasowa, ndinakwapulidwa. Mutu uno ndi wa ntchito ya manja anga, ndi momwe manja omwewa anatsala pang'ono kuwononga ana a eni. Nkhaniyi mumaidziwa chapatalipatali, ndipo ndikufuna muimve kwa ine mwini.

1978

Ndinafika mu Kabwe ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, nsapato zobwereka, n'kulembedwa ntchito ku njanji, mbali ya mafoni ndi masiginolo. Kapitawo wathu anali ba Mwila, Mbemba wamfupi wa mawu aakulu, amene sindinamuonepo akuseka mpaka tsiku lomwe ndinatsetsereka pa mtengo wa waya n'kung'amba buluku kumbuyo konse. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kulumikiza waya ndi mtovu. Ukakhala pamwamba pa mtengo, dzanja limodzi lagwira chitsulo chamoto, lina lagwira waya, ndiye kachingwe ka mtovu ukagwira ndi chiyani? Ndinawafunsa zimenezo tsiku loyamba. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene dzuwa limatulukira. "Iwe Daka, Mulungu anakupatsa manja yabili chabe. Yachitatu ni meno. Luma!" Ndinaluma. Tonse tinkaluma, akulu ndi ang'ono omwe, ndipo kachitsuloko kanali kofewa m'mano, kosawawa, kosanunkha. Ndinakaluma zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndinafika pokaona ngati mnzanga.

1983

Nditakwatira mayi anu, anatitumiza ku kasiteshoni kakang'ono kupitirira Choma, komwe sitima ikadutsa m'mawa mumatsala nokha ndi ng'ombe za anthu mpaka madzulo. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Sopo ankabwera ngati mlendo, ufa unali wa pamzere, ndipo kuntchito zipangizo zatsopano tinkangozimva m'makalata. Foni ikafa tinkaphwasula ina yakufa kale n'kutengamo zotsala. Ba Mwila anali atatiikira lamulo limene linanditsatira kulikonse: waya wamkuwa wotalika kuposa chala ubwerere kusitolo ya kampani, wofupika kuposa chala upite m'chitini cha zinyalala. Chitinicho ndinkachisunga ine. Podikira kuti foni ina iwonongeke, ndinkatenga pulaya n'kumapinda tiziduswato, kukolowekana kamodzi ndi kamzake, popanda cholinga chenicheni koma kuti zala zisaume.

Tsiku lina kunali ukwati wa mwana wa mkulu wa siteshoni. Mayi anu anachapa chitenge chawo chabwino chija ndi phulusa, anavala, kenako ndinawaona akuyang'ana mikono yawo. Si munthu wodandaula, koma ine zinandipweteka. Ndinalowa m'chipinda, ndinatenga tcheni changa cha m'chitini, ndinachikhotetsa n'kuika kokolera, ndipo ndinawaveka padzanja. Anachizunguza kawiri n'kunena kuti, "Atate ake Tisa, ndiye kuti masiku onsewa simunali kupenga?" Pobwera ku ukwati dzanja lonse linali lobiriwira ngati la bilimankhwe, chifukwa mkuwa ukakumana ndi thukuta umatero. Anaseka mpaka misozi, koma sanavule. Pambuyo pake ndinaphunzira kuutsuka ndi ndimu ndi phulusa, n'kuupaka mankhwala owala aja a zikhadabo. Kuyambira pamenepo ndolo, mphete ndi zibangili zonse zimene mayi anu anavala zinachokera m'chitini, ndipo sindinagulitsepo ngakhale chimodzi.

2003

Ntchito inatha mwa kalata, monga inathera kwa anzanga ambiri chaka chimenecho. Tinali titabwerera ku Kabwe, m'nyumba ino ya ku Chililalila. Mwamuna amene wazolowera kudzuka ndi belu akakhala pakhomo amasanduka vuto. Ndinayamba kuwerenga machesi, kufunsa chifukwa chake mchere watha msanga, kuphunzitsa mayi anu kusesa bwalo limene akhala akusesa chikwatiwire. Atatopa anandibweretsera pulaya yanga pa mbale, ngati chakudya. "Pindani mawaya yanu, munisiye na nyumba yanga."

Loweruka lina anavala ndolo zatsopano kupita ku kicheni pate ku Nakoli, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, ndipo anabwerako makutu ali opanda kanthu. Amayi ena anali atawavula ndolozo n'kuwapatsa ndalama, ndipo ena anayi anali atatumiza mawu. Ine ndinakana poyamba, ndinati ndine munthu wa masiginolo, si wogulitsa zokometsera akazi. Mayi anu anangondifunsa kuti masiginolo amenewo ali kuti tsopano. Malonda athu anayamba choncho. Ndinakhoma thebulo pakhonde, ndinapanga timabokosi ta mikanda, ndipo tinagawana ntchito: manja anali anga, pakamwa panali pawo. Ine kasitomala akati chinthu chadula ndinkakwiya n'kuchibweza m'bokosi, pamene iwo ankamukhazika pampando, kumufunsa za ana, mpaka munthu achoke ndi zinthu ziwiri. Mkuwa ndinkagula kwa okonza mafani ndi mainjini oyaka ku Nakoli. Amene ankabwera ndi waya wonenepa m'thumba, akuyang'ana uku ndi uku, ndinkawabweza pageti, chifukwa theka la moyo wanga ndinalithera kubwezeretsa waya wobedwa. Patapita zaka, iwe Tisa unayamba kujambula zinthuzo pa foni yako, ndipo anthu ochokera kutali anayamba kufunsa nyumba ya ba Daka wa masikiyo, ndiye kuti wa ndolo. Dzina limenelo ndinkalikana pakamwa, koma mumtima ndinkalikonda koopsa.

2015

Inu mukudziwa mwambo wathu, ndipo anzathu a mitundu ina m'tauni muno ali nawonso: mwana akatuluka m'chikuta, agogo ake amamumanga kachingwe m'chiuno kapena padzanja. Kakayamba kuthina, amadziwa kuti mwana akukula. Mfundoyo amamanga agogo, osati wina aliyense. Agogo a m'tauni anayamba kufuna kachingwe kooneka bwino, ndipo mayi anu anaona msika pamenepo. Ndinayesa mikanda yagalasi, koma aliyense pamsika anali nayo. Ndinkafuna changachanga.

Nthawi imeneyo kunkabwera mayi wina wa ku Makululu, bana Chanda, amene ankatola zitsulo zakale n'kumagulitsa. Tsiku lina pansi pa thumba lake panali timiyala totuwa, tolemera. Nditangotinyamula ndinadziwa kuti ndi mnzanga wakale uja, mtovu, ndipo ndinapempha kuti andigulitse. Ndinatisungunula m'chitini pa mbaula, ndinathira m'timaenje timene ndinaboola pa njerwa, ndinaboola pakati ndi msomali, n'kupukuta ndi nsalu. Panatuluka timikanda tonyezimira, tosalala, tokongola kwambiri moti ndinaitana mayi anu kuti asiye zochapa adzaone. Ndinkaika tisanu ndi tinayi pa chingwe chakuda cholimba, n'kusiya nsonga zosamanga kuti agogo akamange okha. Azimayi anayamba kutitcha timakoza ta siliva. Ine sindinanenepo kuti ndi siliva, koma sindinawatsutsenso, ndipo bodza la munthu wokhala chete ndi bodza ndithu.

Musaganize kuti sindinkadziwa za mtovu wa mu Kabwe. Aliyense pano anamvapo kuti dothi la kufupi ndi mgodi wakale ndi loipa, kuti ana asamasewere m'fumbi, kuti bwalo tiziliwaza madzi tisanasese. Ine ndemwe ndinkakalipira adzukulu akamadya dothi. Koma m'mutu mwanga fumbi linali chinthu china, chauve, pamene chitsulo chosungunula ndi kupukuta chinali choyera. Ndiponso ndinali nditachiluma zaka zonse zija, ndipo ndinali pano, wamoyo, mano onse alipo kupatula awiri. Sindinafunse munthu aliyense. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa ana a anzanga. Timakoza makumi awiri ndi titatu tinatuluka pakhonde pano.

2016

Amene ananditsegula maso ndi a Sisita Mweemba, namwino wa kusikelo ya ana, amene ankagula ndolo kwa ife kawirikawiri. Masana ena akudikira kuti ndiwakonzere kokolera, anatola kamkanda kamodzi m'mbale, anakayeza m'dzanja, kenako anakakanda pa pepala limene linali pathebulo. Kanalemba mzere wotuwa ngati pensulo. Nkhope yawo inasintha.

"Ba Daka, ivi ni vichani?"

"Ni va tubana, sisita. Tumakoza."

"Nafunsa chisulo. Iyi ni lead, si so?"

Ndinavomera, koma mwamatama. Ndinawauza za ba Mwila, za mtengo wa waya, za mano anga. Ndinatsegula pakamwa kuti aone okha. Sanaseke. "Imwe munayamba kuluma muli mwamuna mukulu, bongo wanu unali unasila kupangika. Uyu mwana ali na miyezi four, five. Niuzeni, ba Daka, kwanja kwa mwana kumankala kuti zuba yonse?" Yankho ndinkalidziwa, ndalera ana. Dzanja la khanda limakhala m'kamwa. Anandiuza mofatsa kuti mtovu supha mwana lero kapena mawa, umangolowa m'magazi mwakachetechete n'kukakhala mu ubongo, ndipo umadzaonekera mwana akamachedwa kuyankhula kapena akamalephera kugwira za kusukulu. Kenako anafunsa kuti ndagulitsa tingati. Nditawauza, anatseka maso.

Masiku atatu otsatira ndinali munthu woipa kukhala naye. Mbale ya timikanda ndinaitaya m'chimbudzi tsiku lomwelo, zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali timene tinali kale pa mikono ya ana. Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kungosiya kupanga, kukhala chete, n'kudikira kuti ana akule, zingwe zithine, makolo adule okha. Palibe akanadziwa. Kapena ndikanayenda khomo ndi khomo kukanena ndi pakamwa panga kuti siliva uja ndi poizoni ndipo wakupatsani ndine. Ndinkawadziwa azimayi a m'makicheni pate: nkhani ikalowa m'modzi Loweruka, pofika Lolemba yafika ku Kapiri. Dzina limene tinalimanga ndi mayi anu zaka khumi ndi zitatu likanatha sabata imodzi, ndipo pa msinkhu wanga ntchito ina ndikanaipeza kuti? Yotamu, usakhumudwe kuti ndalemba izi, koma iwe pa foni unati, "Daddy, just stop quietly, muzaziletela milandu." Unkanditeteza, ndikudziwa, ndipo kunena zoona mawu ako ndi amene mtima wanga unkafuna kumva.

Mayi anu sananene chilichonse masiku onsewo. Lamulungu tinapita kutchalitchi, ndipo kutsogolo kwathu kunakhala mtsikana wina atabereka mwana. Kamwanako kanatulutsa dzanja m'chitenge, ndipo ndinaona ntchito yanga ikunyezimira. Kanaika dzanjalo m'kamwa n'kuyamba kuyamwa timikandato, dovu likutsika mpaka m'chigongono, maso ali pa ine, kakusangalala. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve ngakhale liwu limodzi. Ndinkangofuna kutambasula dzanja ndi kuchotsa kadzanjako m'kamwa, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Titatuluka ndinamuimitsa mtsikanayo pabwalo pomwepo, ndinamuuza zonse, ndipo kakoza koyamba ndinakadula ndi lumo lobwereka. Tikuyenda kubwerera kunyumba ndinati, "Amake Tisa, mailo tiyamba kuyenda." Iwo anatulutsa pepala m'Baibulo mwawo. Anali atalemba kale maina a agogo onse amene anagula, ndi kumene amakhala. "Nenze kuyembekezela chabe kuti musilize kukangana na mutu wanu," anatero.

Kuyambira mawa lake tinayenda milungu iwiri, pansi ndi pa minibasi, Chililalila, Nakoli, mpaka mkati mwa Makululu momwe nyumba zilibe manambala ndipo umafunsa njira kwa ogulitsa tomato. Pa khomo lililonse mayi anu ankapereka moni, koma nkhaniyo ndinkainena ine, sindinalole kuti andinenere. Ndinkadula kakozako, ndinkabweza zimene analipira, ndinkasiya kachingwe ka mikanda yagalasi, ndipo ndinkawapempha kuti apite ndi mwana kuchipatala akamuyeze magazi. Ena anatithokoza. Bambo wina ku Nakoli ananditcha mfiti pamaso pa anthu, ndipo ndinamulekerera, chifukwa mwana anali wake. Agogo ena anandimvetsera mpaka kumapeto, analowa m'nyumba, ndipo ndinkaganiza kuti akukatenga mpini, koma anatuluka ndi madzi akumwa. Bana Chanda tinawapezanso n'kuwauza kuti asamasunge miyala ija m'nyumba mogona ana. Iwo analibe mlandu, anagulitsa chimene ndinawapempha. Monga ndinkaopera, pakhonde panazizira. Mwezi wathunthu geti silinalire.

Pa pepala panatsala dzina limodzi, la agogo ena a ku Makululu. Titafika, oyandikana nawo anatiuza kuti anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndipo anatilozera kachipinda komwe kunkakhala mwana wawo, Bupe. Tinamupeza akuchapa matewera pakhomo, mtsikana wamng'ono kuposa iwe Tisa, ndipo khanda lake lalikazi, Mapalo, linali pa mphasa pambali pake. Anamvetsera zonse mwaulemu. Nditatulutsa lumo kuti ndidule kakozako, ananyamula mwanayo n'kumufungatira.

"Awe, ba shikulu. Simuzajuba."

"Mwana wanga, ichi chisulo chizamuononga mutu."

"Namvela. Koma iyi mfundo anamanga ni ba mayo, na manja yao. Ndiye chinthu cha last chamene anachitila mwana wanga. Nilibe chitenge chao, nilibe photo, vonse banatenga ba kumunzi. Nasala chabe na iyi mfundo."

 Mayi anu anakhala pansi pafupi naye pa dothi, osasamala za chitenge chawo choyera, n'kumusisita pamsana. Ine ndinkayang'ana kakozako, ndipo m'pamene nzeru ya ntchito inandibwerera. Mtovu ndi wofewa. Chimene chinandipusitsa kuti ndiukonde ndi chomwecho chimene chikanandithandiza. Ndinati, "Bupe, ngati nachosa tumikanda, nthambo na mfundo nasiya, uzavomela?" Anandiyang'ana, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinagwada pa mphasa ndi kapulaya kanga kodulira. Manja anga anali atayamba kale kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo khungu la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi ndi lopyapyala ngati la phwetekere. Mayi anu anagwira kadzanjako n'kulowetsa chala chawo pansi pa chingwe kuti ngati pulaya iterereka ilume iwo. Ndinkadula kamkanda kamodzi pang'onopang'ono m'mbali, kukatsegula, kukachotsa, n'kukaika m'thumba la malaya. Kena kanali ndi timabowo ta mano awiri amene anali atangomera, ndipo nditaona zimenezo ndinaima kaye kuti maso aone bwino. Mapalo sanalire. Ndi dzanja linalo anagwira khutu langa n'kumalikoka nthawi yonseyo. Kachisanu ndi chinayi katachoka, panatsala chingwe chakuda chokha ndi mfundo ya agogo ake, yosakhudzidwa. Bupe anaigwira ndi chala, analira, ndipo mayi anu analira naye. Ine ndinanamizira kufunafuna chipewa changa.

Lero

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, osati onse. Ena mpaka pano akandiona pamsika amayang'ana kumbali, ndipo ndi ufulu wawo. Ena anabwera chifukwa cha nkhani yomweyo, ati munthu amene anayenda wapansi kukadziulula sangakugulitse chinthu chabodza. Za makanda ndinasiyiratu, ndipo chitsulo chilichonse chachilendo ndimayamba ndafunsa.

Mapalo anamuyeza magazi ndipo anamupeza ndi mtovu, monga ana ambiri a kumene amakhalako. Ndinawafunsa a Sisita Mweemba kuti wochuluka bwanji unachokera kwa ine ndipo wochuluka bwanji unachokera m'fumbi. Anati zimenezo palibe makina amene angazilekanitse. Ndiye sindidzadziwa, ndipo kusadziwako ndimakhala nako tsiku lililonse. Mwanayo anachedwa kuyankhula. Anzake akuitana amayi awo, iye ankangoloza ndi chala, ndipo Bupe akabwera naye kuno Loweruka ndinkamuyang'ana pakamwa ngati mlimi woyang'ana mitambo. Atayamba sukulu anabwereza kalasi yoyamba. Bupe sanandilozepo chala ngakhale tsiku limodzi, ndipo nthawi zina ndimaona kuti akanandikalipira zikanandipepukira.

Mapalo amabwerabe Loweruka lililonse, amanditcha shikulu, ndiye kuti agogo, ndipo timakhala pakhonde ndi buku lake la kusukulu, ine ndikupinda waya, iye akulimbana ndi zilembo. Mwezi watha anatsegula tsamba limene tinalilephera kawiri konse. Anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kuwerenga. Ndinaika pulaya pansi. Anadodoma pa liwu limodzi lalitali, ndinatsegula pakamwa kuti ndimuthandize, koma anakweza dzanja osandiyang'ana. "Shikulu, lekani, nizakwanisa neka." Analibwereza, analidutsa, ndipo anapitirira mpaka pansi pa tsamba. Atamaliza anandiyang'ana kuti ndimuyamikire, koma anapeza misozi ikutsika m'masaya mwanga. Anatembenukira kukhitchini komwe kunali mayi anu n'kufuula, "Ambuya, bwelani muone, ba shikulu balila futi!"